Za siza izi, maganizo anga

Abale nkhani ya siza, opareshoni yotulutsa mwana m'mimba ija, imandipweteka mtima. Mpaka pano pali amayi oyembekezera amene akamva adokotala akuti tikuchitani opareshoni amayamba kulira, osati chifukwa cha mpeni ayi koma poganiza zomwe anthu akanene, eti wochira pa siza ndi waulesi, walephera kukankha. Mchemwali wanga anakhala maola ambiri matenda atayamba akukana kusaina pepala chifukwa cha mawu amenewa, chonsecho mwana anali atapingasa m'mimba, ndiye mukanakankha bwanji mwana wopingasa? Kapena nsengwa ikatseka khomo la chiberekero, kapena BP ikakwera mpaka mayi kuyamba kukomoka, mphamvu zako zilibe ntchito pamenepo. Ndipo kuchedwa kotereku mutu wa mwana utapanikizika ndi kumene kumabweretsa fisitula, mayi n'kumangotuluka mkodzo osaleka.

Komanso ndisabise, kuli ena amene akuitenga siza ngati njira yachidule, akuti sumva ululu, umangosankha tsiku basi. Zoona pa nthawiyo amakubaya jekeseni ya pamsana ndipo umakhala uli maso osamva ululu, koma ikatha mphamvu ndi pomwe umadziwa kuti anadula mimba ndi chiberekero chomwe, kutsokomola kokha kumakhala nkhondo, ndipo bala limafuna masabata ngati 6 kuti uyambe kudzimva bwino. Pali kutaya magazi, bala kutukusira, ndiye chipsera chija pa mimba yotsatira nsengwa itha kumatirira pomwepo.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2021 ananena kuti padziko lonse ana 21 pa 100 alionse akubadwa pa siza, ku Latin America ndi ku Caribbean afika 43 pomwe ku Africa kuno kumwera kwa Sahara ndi 5 okha. Ine ndikaona kusiyana kumeneku ndimaona amayi ena akudulidwa popanda chifukwa pomwe ena akufunikira opareshoni koma osaipeza.

Zoti ukachira pa siza kamodzi ndiye kuti nthawi zonse ndi siza sizoona kwa aliyense, ambiri amadzabereka bwinobwino bola akakhale kuchipatala komwe kuli fiyeta, chipinda chochitira opareshoni, pafupi. Zoti mkaka sutuluka nazonso ayi, mwina umangochedwerako pang'ono. Mchemwali wanga uja anasaina, ndipo mwana wake anayamwa mpaka zaka 2.