Pemphero la mwana wanga ali pa nyanja yamchere

Abale ndi alongo, tigwirane manja.

Atate, Chauta Namalenga, Inu amene munaikira nyanja malire, tabwera. Ine nyanja imene ndimaidziwa ndi ya ku Mtakataka basi, koma mwana wanga ali pa yamchere yosaoneka tsidya, m'sitima ya Tidespring ya ku Britain. Sitimayo siimenya nkhondo ayi, imangodyetsa zinzake zankhondo: dizilo, mafuta a ndege, madzi akumwa. Mamita 200 m'litali, yodzaza mafuta, mwana wanga nkumagona pamwamba pake. Kamoto kamodzi kokha, Ambuye! Tchingani. Tchingirani kutali.

Adandiuza pa WhatsApp kuti pothira mafuta saima pamzere ngati ife pa Dedza boma. Sitima ziwiri zimayendera limodzi moyandikana, amawombera chingwe ndi mfuti kuti chikagwere kwinako, kenaka nkukoka mapaipi akuluakulu, mafunde akuwinduka pakati. Usiku umenewo tulo sindidatione. Gwirani chingwe chimenecho, Yehova, chisaduke. Gwirani dzanja la woyendetsa, lisapotoke. Phazi la mwana wanga lisaterereke. Inu amene munati tonthola, namondwe nakhala bata, Inu amene munatulutsa Yona wamoyo, simunakalambe. Simugona. Simuodzera.

Ndikhululukireni ine, Atate. Miyezi yonseyi ndakhala ndikupempherera ndalama zake, osati iye. Malata adakwera padenga, feteleza wa mbatata adagulidwa, ku Mvano ndimayenda monyang'wa ngati ndine ndidalenga nyanjayo. Ngakhale kumufunsa ngati akudya, ayi. Ndachimwa.

Ndipo inu a kuchimuna amene mumamuimbira pokhapokha mukafuna mayunitsi, lekani! Maliro a bambo ake simudaoneke, lero ndiye wasanduka mwana wanu? Mulungu akukuonani.

Kumbukiraninso, Ambuye, asilikali a m'sitima zimene amazithira mafutazo, ngakhalenso amene akuti ndi adani, pakuti naonso ali ndi amayi awo. Mafutawo angotha ndi kuyenda, mfuti zisalire. Kumbukirani asodzi athu mwera ukamakuntha.

Foni yakhala chete masabata atatu tsopano. Ndimagona nayo pamutu. Ilire, Ambuye, ngakhale pakati pa usiku, ndingomva akuti "Amayi, ndili bwino."

M'dzina la Yesu Khristu, Amen.