Ku Joni ntchito ndinaipeza, koma pogona ndi misozi

Abale anga, lero mundilole ndilankhule chifukwa mtima wadzadza. Ukafika kuno aliyense amangokufunsa ngati wapeza ntchito, palibe wofunsa kuti ukugona pati. Ine ntchito ndinaipeza patangotha masabata atatu, kukhitchini ya lesitilanti ina ku Randburg. Koma chaka chachiwiri chikutha ndasamuka kanayi, ndipo sindinakhalepo ndi mtendere ndi pogona.

Poyamba ndinayesa njira yoongoka, ndinapita kwa ejenti wa nyumba. Mayi amene ndinawapeza sanandifunse n'komwe dzina. Anangoyamba kuwerenga pa zala: pasipoti yokhala ndi pemiti, mapepala a malipiro a miyezi itatu, sitetimenti ya kubanki, ndalama yoti afufuzire mbiri yanga ya ngongole, dipoziti, kenako lendi ya mwezi woyamba. Pomaliza anati malipiro anga akhale okwana kulipira lendiyo katatu. Tawerengerani nokha. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linkalola anali R27.58 pa ola. Wogwira maola 45 pa sabata ankapeza cha m'ma R5,400 pamwezi, kutanthauza kuti lendi yake isapitirire R1,800. Fulati ya mtengo umenewo pafupi ndi kuntchito ungaipeze kuti? Nanga munthu wongofika kumene, amene abwana amamulipira m'manja, sitetimenti aitenga kuti?

Khomo limeneli likatsekeka, umagwera m'manja mwa anthu osafunsa mapepala. Ku Yeoville kuli khoma limene anthu amamatapo timapepala totsatsa malo ogona. Ndinaima pamenepo tsiku lathunthu ndikukopera manambala. Kumeneko n'kumene ndinadziwira kuti akati malo alipo sakunena chipinda ayi. Ndinalowa m'fulati ya zipinda ziwiri mmene tinkagona anthu 11. Malo anga anali pabalaza, pakati pa katani ndi wadirobu. Pasipoti ndinkagona nayo mu pilo. Kuti usambe, umayenera kukhala pamzere 4 koloko m'mamawa, ndipo mnzako kuseri kwa katani akamalira pafoni usiku, umamva mawu aliwonse, iwe n'kumangodzigonetsa dala kuti asachite manyazi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti wotolera ndalamayo anali wakwathu, wolankhula chilankhulo chathu chomwechi. Ankanditchula kuti achimwene. Fulatiyo anaichita lendi yekha n'kutigawira tizidutswa, ndipo kwa miyezi ingapo ndalama zathu sankapereka kwa mwini nyumba. Tinadziwa tsiku limene anatidulira magetsi. Iye anali atathawa kale, foni yozima, madipoziti athu onse m'thumba.

Ndinasamukira ku Tembisa, kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya amasitandi, eni ake a malowo. Lendi inatsikadi, koma zimene ndinapulumutsa zinkathera m'matakisi, awiri popita, awiri pobwerera. Tikaweruka mochedwa matakisi atatha, ndinkagona pa makatoni kustolo ya kuntchito. Mzindawu anaumanga dala chonchi. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linakankhira anthu akuda kutali ndi tawuni. Analithetsa mu 1991, koma mtunda sunafupike, ndipo amene tikuulipira lero ndife otsuka mbale ndi ogwira m'magadeni. M'mwezi wa June malata ankadontha mame m'kati, bulangete kuchita kunyowa. Amasitandi analetsa hita ndi ketulo, eti zimadya magetsi.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Rental Housing Act ya 1999 imati dipoziti isungidwe kubanki kumene ikubereka chiwongoladzanja, ndipo ngati sunawononge kanthu akubwezere pasanathe masiku 7 kuchokera pamene mgwirizano wa lendi watha. Kuli Rental Housing Tribunal kumene umakadandaula kwaulere. Palibe mwini nyumba wololedwa kukutulutsa popanda chigamulo cha khoti. Zonsezi ndinkazidziwa tsiku limene ndinapeza katundu wanga panja, matiresi atatsamira mpanda, chifukwa ndinachedwa masiku asanu kulipira. Nditatchula za lamulo, amasitandi anandiyang'ana n'kuti ndipite kupolisi tikaone amene akatsale konko. Lisiti sanandipatsepo ngakhale limodzi. Mlendo amadziwa bwino lomwe tanthauzo la mawu amenewo, ngakhale mapepala ake akhale olongosoka. Ndinanyamula matiresi.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamafunsa kuti amene anapsa ku Usindiso ankatani m'nyumba yotero. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba imeneyo ku Marshalltown, m'kati mwa tawuni ya Joni, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma zigawenga zinailanda n'kumatolera lendi kwa anthu okhala m'tizisakasa ta matabwa tomangidwa m'kati. Anthu aja sanali opusa. Ankafuna pogona poti angathe kuyenda wapansi kukafika kuntchito, ndipo wina aliyense anali atawakana. Inenso ndinakaonapo nyumba yofanana nayo m'tawuni: masitepe amdima, madzi onunkha akuyenda m'makolido, geti limodzi lokhoma ndi tcheni. Ndinaima pakhomo ndalama ili m'manja, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera.

Pano ndili ku Cosmo City, tikugawana chipinda ndi mnzanga wogwira ntchito usiku, iye amagona masana ine usiku. Dzulo amasitandi atsopanowa atiuza kuti poti tilipo awiri, lendi ikwera mwezi wamawa. Mng'ono wanga nayenso wakhala akundiimbira kuti akufuna kubwera mu Januwale, akuti adzafikira kwa ine. Sindinamuyankhebe. Loweruka ndibwereranso ku khoma la ku Yeoville ndi cholembera.