Injini ya mkango, miyendo ya nkhuku

Ndikulemba mtima ukadali m'mwamba, ndiye amene zimuwawe, zimuwawe basi.

Loweruka alamu anga anabwera kwathu ku Chilenje kudzandionetsa galimoto yawo ija ya Toyota Altezza imene yakhala miyezi itatu kugalaja. Achotsamo injini yake yobadwa nayo, 1G-FE, aikamo 1JZ-GTE ya turbo yochokera mu half-cut (theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa pakati) ya Toyota Chaser. Atatsegula boneti ndinaomba m'manja, sindinama. Mapaipi waliwali, intercooler ikusuzumira kunsi kwa bampala, injini ikulira mokoma. Akuti, "Alamu, kwerani muimve." Ine n'kukweradi. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Tinalowa mu Leopards Hill Road. Atangoponda moto msana wanga unamatirira kumpando. Kenako minibasi kutsogolo kwathu inangoti chilili kutsitsa munthu, mwa chizolowezi chawo. Alamu anaponda buleki. Galimoto inagwada, mphuno pansi, chiwongolero chikunjenjemera, n'kuyamba kukokera kumanzere kumene mayi wina ankawotcha chimanga ali ndi mwana kumsana. Kuima tinaima. Koma mbaula ya mayiyo ndikanatha kuigwira nditangotulutsa dzanja pawindo. Sanatitukwane. Anangotiyang'ana, ndipo maso amenewo ndikuwaonabe mpaka pano.

Alamu anga? Kuseka. Akuti, "Mwaiona mphamvu?"

Mphamvu ya chiyani!

Ndinatsika n'kugwada pafumbi pomwepo kusuzumira kunsi. Ma shock ndi omwe aja galimoto inachoka nawo ku Japan, akuda bii ndi oilo wotayikira. Masipuling'i adulidwa ndi grinder kuti galimoto ikhale pansi. Mabushi ang'ambika, pena munthu wina wanzeru zake wakulungapo malegeni. Madisiki a mabuleki ali ndi mizere ngati munda wa mbatata. Matayala ndi a salaula, anayi koma mitundu itatu, ndipo limodzi linapangidwa mu 2014. Sindikupeka, tayala lililonse limanena lokha msinkhu wake: pambali pake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Nditagwedeza tayala lakutsogolo, gwedegwede. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anyamata a mu Lusaka muno, ndimvereni. Injini ntchito yake n'kukankha basi. Kugwira msewu, kukhota, kuima, zonsezo ndi ntchito ya miyendo. Musanapatse galimoto yokalamba mtima watsopano, ipatseni kaye miyendo yoti inyamulire mtimawo. Miyendo kaye, injini pambuyo. Ndibwereze? Miyendo kaye.

Altezza anayamba kuipanga mu 1998, yomaliza inatuluka mu 2005. Werengani nokha zaka. Mphira za kunsiko zauma kalekale, zadya dzuwa ndi maenje a m'makomboni athuwa. 1G-FE imatulutsa ma horsepower 160, 1JZ-GTE imatulutsa 280, ndipo mphamvu yake yokoka imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Ndiye mwatenga zonsezo mwasenzetsa gogo wa mawondo othyoka, n'kumuuza kuti thamangani agogo. Mabuleki mwasiya omwewo. Kodi mukudziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti muime umawirikiza kanayi? Kanayi! Turbo ikufikitsani pa liwirolo m'kuphethira kwa diso, koma palibe turbo imene inaimitsapo galimoto.

Ndipo musandiuze kuti simunaonepo Altezza kapena Mark II itagwada pakati pa msewu, tayala lakutsogolo litapindikira m'kati ngati mwendo wa mbuzi yothyoka. Imeneyo ndi ball joint ya pansi, kachitsulo kolumikiza mwendo wa tayala ndi mkono wa kunsi kwa galimoto. Pa magalimoto amenewa ikatha simakambirana nanu, imangozuka, galimoto n'kugwa chamutu. Ikazukira pa roundabout ya Kabwe muli pang'onopang'ono, mungochita manyazi ndi kuchedwetsa anzanu. Ikazukira mu Kafue Road mutaponda 1JZ yanuyo, tikakumana kumaliro. Kachitsulo kotchipa kuyerekeza ndi injini, koma ndi komwe mukukanyalanyaza chifukwa sikaoneka pa chithunzi.

Za kudula masipuling'i ndiye zimandinyansa kwambiri. Sipuling'i ukaidula imafupika, imaumanso, shock imasowa malo osewera n'kumangogunda pansi mpaka kufa msanga. Tayala m'malo motsata msewu limadumphadumpha, ndipo tayala limene lili m'mwamba silimva buleki, silimvanso chiwongolero. Pena sipuling'iyo imachoka pampando pake galimoto ikadumpha hampu. Ameneyo si makaniko, ndi wodula nkhuni. Ena akuti ife tinagula ma coilover, ma shock obwera ndi masipuling'i ake otheka kukweza kapena kutsitsa. Chabwino, ma coilover ndi abwino akakhala enieni komanso akaikidwa ndi munthu wodziwa, n'kupita nayo galimoto ku alignment. Koma inu mwagula otchipa osadziwika kwawo, mwawapotokola mpaka galimoto yakhala pamimba ngati ng'ona. Mukafika pa hampu mumadutsa chammbali ngati nkhanu, ife tonse tili pamzere kumbuyo kwanu kudikira kuti bwana amalize kukwawa. Tsiku lina sampu, chibeseni cha oilo kunsi kwa injini, idzagunda, oilo yense mbwee pamsewu, injini ya ndalama zambirimbiri ija n'kugwira. Dzinja likafika madzi akadzaza m'misewu ya ku Kamwala ndi ku Kanyama, fyuluta yanu imene mwaitsitsira kunsi kwa bampala idzamwa madzi, ma conrod (zitsulo zogwira mapisitoni mu injini) n'kupindika. Muno si mu Tokyo ayi.

Chimene chimakuchititsani zimenezi, kaya ndi mavidiyo a pa TikTok, kaya ndalama zimathera pa injini, kaya n'kufuna kuti atsikana atembenuke pa East Park, ine sizikundikhudza.

Sindikudana ndi kusintha injini, musandimve molakwa. Inenso phokoso la injini ya masilinda 6 ikamakwera limandisangalatsa, ndipo galimoto yakale yosamalidwa bwino ndimaivulira chipewa. Koma ndalama imene inagula half-cut ija ikanayamba yagula ma ball joint, mabushi, ma shock, madisiki ndi ma pad abwino, brake fluid watsopano (amene ali m'menemo wamwa chinyezi kwa zaka, akatentha amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi), ndi matayala anayi ofanana. Mukatero, ngakhale ndi 1G yomweyo, mudzadabwa kuti galimoto yanu inali yokoma chonchi. Ikatha kuima ndi kukhota, pamenepo kambani za turbo. Osati kumanga denga la malata pa zipupa za mapesi.

Nditawauza alamu zimenezi anandiyankha kuti, "Galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga, za kunsizo tidzaona mwezi wa mawa." Mwezi wa mawa! Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Ndikanawasiya ndithu. Koma nyanga iyi sikufotera iwo okha. Ikufotera mayi wa chimanga uja, ikufotera mwana wa sukulu wodutsa msewu, ikufotera mlongo wanga amene amakhala pampando womwe ndinakhala ine, ndi ana kumbuyo. Mukafuna kudzipha pitani kutchire, msewu ndi wa tonse.

Ndipo inu amakaniko amene mumagwira ntchito zimenezi, manyazi mulibe? Munthu wakubweretserani galimoto, mwakhala nayo miyezi itatu, mwagona kunsi kwake tsiku ndi tsiku, ball joint yogwedera mukuiona ndi maso anu, osanena kanthu chifukwa ndalama ya injini mwalandira kale. Mawaya mwangopotokola ndi manja n'kukulunga tepi, ali lendelende pafupi ndi turbo yotentha. Nditafunsa kuti nanga nyali ya check engine bwanji sikuyaka poliza galimoto, alamu akuti makaniko anachotsa babu chifukwa inkasowetsa mtendere. Kuchotsa babu! Nambala ya injini pa white book, chikalata cha galimoto, ikadali ya 1G, ku RTSA kolembetsa magalimoto sanapondeko n'komwe.

Komanso inu anyamata, ekizosi yanu imeneyo. Mwachotsa silencer mwaika chipaipi ngati cha m'jigo, pakati pa usiku mukuphulitsa pa! pa! pa! m'komboni anthu atagona. Mwana wanga wa miyezi 7 wadzidzimuka katatu sabata ino, agalu a mu Chilenje monse kuuwa mpaka mbandakucha.