Mwera ndi njinga zamoto za kabaza

Miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikakula, timangokamba za asodzi ndi mabwato awo, ngati kuti kumtunda mphepoyo ilibe mphamvu. Komatu aliyense amene anakwerapo njinga yamoto ya kabaza pamsewu wa M5, pakati pa Salima ndi Nkhotakota, akudziwa momwe mphepo yoomba chammbali imakankhira njinga yopepukayo, makamaka pamlatho ndi pamalo oyera pamene palibe mitengo yotchinga.

Chimene chimandikwiyitsa ndi woyendetsa amene, tsiku lotere, amamanga malata kapena matilesi mopingasa kumbuyo, n'kuthamanga liwiro lomwe lija la masiku onse pofuna kubwerera msanga pa siteji. Katundu wotambalala amakola mphepo ngati thanga la ngalawa, ndipo njinga yaing'ono ilibe kulemera kokwanira kulimbana nayo. Ukamupempha kuti achepetse liwiro, amakuyankha kuti msewuwo anauzolowera, chikhalirecho mphepo simuuza nthawi imene iombe mwamphamvu.

Zofunika kuchita si zovuta ayi. Achepetse liwiro, apanikize thanki ndi mawondo, asaumitse manja pa handulo, apendekere pang'ono kumene mphepo ikuchokera, ndipo asiye mpata kumbali imene ikumukankhira.

Oyendetsa malole nawonso amandikhumudwitsa. Lole ikamadutsa pafupi imatchinga mphepo kwa kanthawi, kenaka ikapitirira mphepoyo imabwerera mwadzidzidzi, wapanjinga n'kudzandira, koma ambiri amadutsa moyandikira kwambiri osamupatsa mpata ngakhale msewu uli wopanda galimoto ina.