Mphamvu ku anthu inatsika, koma ndalama zinatsalira ku Lilongwe

Dzulo ndinali pamsonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kwathu, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Mlembi anatsegula kope lomwe lija lothothoka chikuto n'kuyamba kuwerenga zofuna za mudzi: mlatho pamtsinje umene ana amawoloka popita kusukulu, mjigo, nyumba ya aphunzitsi. Mayi wina wachikulire anangoti, "Amfumu, zomwezi si tinalembanso chaka chatha?" Tonse tinangoti zii.

Nkhaniyi ikundiwawa, abale. Masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa mu 2021 ndipo ndi abwino ndithu, koma mlatho sumangidwira ku Capital Hill. Oyenera kumanga ndi makhonsolo athu 35 aja. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono zinabwera mu 1998, kuti zofuna zizichokera ku VDC, zipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kenako zilowe m'pulani ya chitukuko ya khonsolo. Njirayo anthu akumudzi akuitsatira mokhulupirika, ena kusiya khasu m'munda kuti akakhale nawo pamsonkhano. Chimene sichinatsike bwino ndi ndalama. Bwanamkubwa ndi anthu ake anasenzetsedwa zaumoyo, maphunziro a pulayimale, ulimi, koma thumba lalikulu linatsalira ku Lilongwe. Kochepa kamene kamabwerako nthawi zambiri kamafika mochedwa, mvula itagwa kale, msewu utaterera, simenti itakwera mtengo.

Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 tinalibe makhansala. M'zaka zimenezo aphungu anasanduka eni chitukuko kudzera mu CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, ifenso tinazolowera kupempha mjigo kwa phungu m'malo mofunsa khonsolo. Chizolowezi chimenechi sichinathebe, ndipo khansala amene tinamuvotera amangooneka ngati woperekeza.

Ena munena kuti kukhonsolo nakonso kuli akuba. Sindikukana. Koma wa kukhonsolo timamudziwa nkhope, timakumana naye kumsika ndi kumaliro, tikhoza kumuimitsa n'kumufunsa. Boma litumize ndalama pa nthawi yake, khonsolo izimata pabolodi kuti yalandira zingati ndipo zagwira ntchito yanji, oba azinjatidwa.

Kwathu mvula ikayamba, ana a Sitandade 1 ndi 2 amakhala pakhomo mpaka madzi ataphwera. Mlatho uja tawulembanso m'kope, pa nambala 1.