Nkhope ya agogo pa botolo la mankhwala

Loweruka lapitali pa msika wa Ulongwe ndinakumana ndi agogo anga aamuna, amene tinawaika m'manda chaka chatha. Anali pa botolo. Chipewa chawo cha mlaza chomwe chija, dzina lawo pansi, kenako mndandanda wa matenda: nyamakazi, shuga, mphamvu za abambo. Chithunzicho ndinachijambula ndine, ndipo tinachisindikiza pa masikipa a pa maliro. Mmene chinachokera kwa wosindikiza n'kufika pa botolo, aliyense angathe kuganiza.

Agogo ankadziwadi zitsamba. Anthu ankabwera kuchokera ku Tsangano, ena kuwoloka malire kuchokera ku Dedza. Koma sanagulitsepo madzi a m'botolo pa msika. Munthu ankachira kaye, nkhuku n'kubwera pambuyo.

Nditamufunsa wogulitsayo, anaseka. "Achimwene, wakufa sadandaula. Nanga Samora sali pa ndalama zimene muli nazo m'thumbamo?"

Samora alipodi pa metikali, koma anali mtsogoleri wa dziko, ndipo lamulo limasiyanitsa. Código Civil (buku la malamulo a pakati pa munthu ndi mnzake) imene timagwiritsa ntchito kuno ku Mozambique, ya 1966 ija imene anatisiyira Apwitikizi, pa ndime 79 imati chithunzi cha munthu sichingaonetsedwe, kuchulukitsidwa kapena kuikidwa pa malonda iye asanavomere. Imapatula za anthu otchuka kapena a maudindo, za apolisi ndi makhothi, za maphunziro ndi chikhalidwe. Botolo la mphamvu za abambo lilowe pati pamenepo? Ndime 71 imanena mosabisa kuti chitetezochi sichithera kumanda. Munthu akamwalira, chilolezo chimakhala m'manja mwa mkazi kapena mwamuna wake, kenako ana ndi adzukulu, makolo, abale ake obadwa nawo, ana a abalewo, kapena olowa chuma.

Pamenepa ndi pamene tatsutsana kwathu. Mlamu wa agogo aakazi, amene amatenga nkhani zonse za kuchimuna ngati zake, akuti wogulitsayo angopereka kangachepe, nkhani ithe. Ine ndakana. Lamulo laika mayi wamasiye patsogolo, ndipo apa ndikuona kuti lachita bwino kuposa ife. Pa maliro timamukhazika pa mphasa m'nyumba, amuna n'kumakambirana panja za katundu, za munda, tsopano mpaka za nkhope. Amene anaiona nkhope imeneyo m'mawa uliwonse kuyambira ali mtsikana ndi ndani?

Ndiponso si nkhani ya ndalama yokha. Wina wa shuga akasiya mapilitsi a kuchipatala chifukwa wakhulupirira chipewa cha mlaza chija, zikavuta adzatukwana dzina la agogo. Wogulitsayo adzakhala atasamukira msika wina.

Chondiwawa n'chakuti lamuloli lili m'Chipwitikizi chovuta, pamene osindikiza masikipa ndi makapulana a maliro achuluka ndipo zithunzi zimatsala m'makompyuta mwawo. Tikamalipira, palibe amene amakumbukira kunena kuti fufutani mukatha. Inenso sindinanene.

Lolemba ndiperekeza agogo aakazi ku IPAJ, kumene amathandiza za malamulo anthu opanda ndalama za loya. Botolo limodzi ndinagula kuti likhale umboni. Nditawaonetsa, analiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako analiika pa shelefu n'kulitembenuzira kukhoma.