Mpeni wa m'sokosiwo ukuteteza yani?

Loweruka lapitali madzulo ndinaima pa Nsungwi, ku Area 25, kudikira kuti mnyamata wa pachiwaya andimangire tchipisi cha adzukulu. Pambali panga anyamata awiri, a msinkhu woti Fomu 4 sanaimalize, anayamba kukangana. Nkhani yake mpira wa ku England. Wina Arsenal, wina Manchester United, matimu oti dzina la Nsungwi sadalimvepo ndipo sadzalimva. Tisanaphethire n'komwe, mmodzi anawerama n'kusolola mpeni m'sokosi. Mnzakeyo anam'gwira mkono, onse khu! m'ngalande. Podzuka, magazi anali chuchuchu pantchafu pa mwini mpeni yemweyo. Mayi wina wogulitsa tomato anavula chitenje n'kumumanga mwendo, tinamukweza pa kabaza, ulendo wa ku chipatala cha Central. Tchipisi chija ndinachisiya pomwepo.

Magazi ndawaonapo ambiri pa zaka zangazi. Chandipsetsa mtima mpaka kulemba pano ndi mawu a azakhali ake a mnyamatayo, amene anafika ali wefuwefu, mpango uli m'manja. Akuti, "Musamudzudzule mwanayu, amayenda nawo chifukwa cha chitetezo, kunja kuno kwaopsa."

Chitetezo! Ndiye kuti mumadziwa, mayi? Mumamuona akunola mpeni pamwala wotsukira mapoto, inu n'kumangoti mwana wakula?

Kunja kwaopsadi, palibe akukana. Funsani a kabaza amene amalandidwa njinga zamoto usiku, ena mpaka kupezeka m'tchire atakhapidwa. Funsani amayi amene amalawirira mbandakucha kukapikula ndiwo. Koma tandiuzani, inu a ku Chinsapo, a ku Mtandire, a ku Mgona, a ku Area 36: ndi liti pamene munamva kuti kamnyamata kathamangitsa gulu la zigawenga ndi kampeni ka Okapi ka m'thumba? Anthu aja amabwera asanu ndi atatu, khumi, zikwanje zili m'manja, wina atanyamula chimwala chophwanyira chitseko. Ukamati upise dzanja m'sokosi, mutu auwaza kale. Amene amafika kwawo ndi moyo ndi amene wapereka foni n'kutseka pakamwa.

Mipeni yanuyi timaiona potulukira pake. Imatuluka pabawo. Imatuluka kushabini, kachasu akakwera m'mutu. Imatuluka pachinkhoswe, wina akavina ndi chibwenzi cha mnzake. Imatuluka mudepoti, oitanira minibasi akalimbirana pasenjala mmodzi, ndiponso pa tchenji cha K500 chomwe sichigula ngakhale buledi. Wobayidwa amakhala ndani? Msuweni. Mlamu. Mnzako amene unkasaka naye mbewa muli ana. Kale mkangano wotere unkathera pa makofi awiri, m'mawa n'kupepesana pamaso pa ankhoswe kapena amfumu. Lero ukuthera kumochale, banja lina likugula bokosi, lina likupita ndi nsima m'kontena ku ndende ya Maula Lamulungu lililonse.

Ndipo musamanamizane kuti lamulo kulibe. Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu, imaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Bambo amene akutsikira kudimba m'mbali mwa Lingadzi ndi chikwanje paphewa ali ndi chifukwa. Wabutchala ali nacho. Mayi wodula nzimbe pamsika ali nacho. Nanga iwe, wavala jinzi yothina, 11 koloko usiku uli ku Bwandilo, mpeni uli m'chiuno, ukamuuza chiyani majisitireti? Kuti umapita kukasenda mbatata? Ndipo ukangoutulutsa n'kulanda nawo chinthu, ngakhale kafoni ka mabatani, mlanduwo wasanduka wakuba ndi chida, womwe chilango chake chikhoza kufika pa ndende moyo wonse. Moyo wonse, chifukwa cha kafoni kothothoka mabatani.

Ku England komwe mumafera matimu akoko, munthu wopezeka ndi mpeni pagulu popanda chifukwa akhoza kukhala m'ndende zaka 4. Amangolola kampeni kopinda kosapitirira mainchi 3. Mu Seputembala 2024 adaletseratu zimipeni zoopsa zija amati zombie, ndipo mwana wosakwana zaka 18 samugulitsa mpeni m'sitolo. Komabe ana akubayanabe m'misewu ya London. Ngati kumene kuli makamera pangodya iliyonse akulephera kusecha thumba la aliyense, apolisi athu oyenda wapansi angasechedi masokosi a Lilongwe yense? Kuno chikwanje chili m'nyumba iliyonse, ndipo chiyenera kukhalamo, tikadulira chiyani nkhuni? Pamsika chimagulitsidwa pamulu umodzi ndi makasu ndi zisenga, palibe wofunsa chitupa. Wapolisi woyamba wa mpeni wa m'sokosi ndi mayi amene amachapa sokosiyo.

Koma ndisangokalipira ana, ife akuluakulu ndiye tanyanya. Pa 26 Juni 2025, dzuwa likuswa mtengo, anthu a zikwanje anamenya a Sylvester Namiwa, omenyera ufulu wa anthu, pa zionetsero mumzinda uno, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo. Kanema wake anazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, mwana aliyense wa foni anaonera. Mukuganiza anaphunzirapo chiyani? Anaona kuti wonyamula chikwanje amapatsidwa njira. Inu mabwana amene mumasonkhanitsa ana a eni ake, kuwagulira mowa, kuwakweza pa lole ndi zikwanje, anu ali kusukulu zolipira, mumagona tulo? Chikwanje mwam'patsa mnyamata lero sabweza ntchito ikatha. Amapita nacho kwawo, ndipo mawa lake njala ikamuwawa, geti loyamba kugogoda likhoza kukhala la mlongo wanu.

Achitetezo a m'mudzi nanunso, tikuthokoza kuti mumagona panja chifukwa cha ife, ndalama ya pamwezi timapereka mosanyinyirika. Koma munthu mwam'gwira, mwamumanga kale manja, chikwanje chikufunanso chiyani pamsana pake? Polisi simukuidziwa njira yake? Tsiku lina mudzatema mwana wa mnzanu wochokera kuntchito ya usiku ku Kanengo, mudzati tinkayesa wakuba.

Ndipo inu oonerera, amene Loweruka lija munali kalikiliki kujambula ndi mafoni mnzanu akutha magazi, ena mpaka kuimba mluzu pamene mpeni unatuluka ngati mwaona chigoli! Pagulu lonse lija, womumanga bala anapezeka mayi wa tomato yekha, amene anabwerera kwawo wopanda chitenje.

Mnyamata uja ndamva kuti wasokedwa, ali moyo, akuyenda motsimphina. Mpeniwo anautola ndani m'ngalande muja sindinaone, koma sunagonemo. Uli m'sokosi ya mwana wa wina pakati pa inu amene mukuwerenga pano.

Kaugwireni usiku uno, musadikire kuti tidzakusonkhereni ya bokosi. Manyazi mulibe?